Galimoto ya Abwana Inagwada kwa Msakambewa

Chaka chimene fodya wanga anabwezedwa kawiri ku okushoni ndi chimene ndinaganiza zopita ku Joni. Atagulidwa ulendo wachitatu, ndalama yake sinakwane ngakhale kugulira feteleza wa chaka chinacho. Ine ndine mkamwini kwa Msakambewa. Munda ndi wa akazi anga, nyumba ili pamalo a makolo awo, ndiye fodya akalephera munthu umayenda pamudzi ngati waba nkhuku. Tinakhala pansi ndi akazi angawo, mayi a Tadala, n'kugwirizana chinthu chimodzi: ndipite, ndikasunge ndalama, pobwera tidzagule chigayo. Kwathu kuno amayi amakwera phiri ndi thumba pamutu kukagayitsa, ndipo chigayo cha kuseri kwa phiricho chimafa pafupifupi sabata iliyonse. Za galimoto sitinakambirane. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti wina asaganize kuti akazi anga anali nawo m'zopusa zanga.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'galadeni kwa mzungu wina wokalamba. Mkazi wake anali atamwalira, ana ali kumaiko akutali. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja, ndipo ndinakhalamo zaka zisanu ndi zitatu. Mwezi ukatha ndinkatumiza ya sopo, ya fizi ndi ya feteleza, yotsalayo n'kusunga. Sindibisa, ndinkasungulumwa koopsa. Mapepala anga sanali olongosoka, choncho kunja kwa mpanda ndinkayenda maso ali kumbuyo. Lamulungu masana ndinkangomvetsera mobwerezabwereza mawu amene akazi anga ankandijambulira pa foni, mpaka ndinkadziwa pamene tambala alilire kuseri kwa mawu awo.

M'galaja muja munali galimoto. Yakuda, yaitali, mipando yachikopa, matabwa onyezimira kutsogolo kwa woyendetsa. Ukaponda moto inkalira kamluzu kapansipansi n'kukukankhira pampando, ndipo abwana anandiuza kuti imeneyo ndi supachaja, chipangizo chokankhira mphepo yambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Maso awo atafooka anandiphunzitsa kuyendetsa kuti ndiziwaperekeza kuchipatala. Loweruka lililonse ndinkaitsuka, ndipo ikauma ndinkavala jekete, n'kuitsamira, n'kudzijambula. Zithunzizo ndinkatumiza kumudzi. Sindinanenepo kuti galimotoyo ndi yanga, komanso sindinanenepo kuti si yanga. Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, anayamba kuonetsa anzawo pamsika kuti alamu athu zikuwayendera ku Joni, ndipo ine kumva zimenezo mtima unkakhala m'malo.

Tsiku lina ana a abwana anabwera kudzawatenga kuti akawasiye kunyumba yosungirako okalamba. Ntchito yanga inathera pomwepo. Katundu anagulitsidwa, koma galimoto ija palibe anaifuna. Ine ndinaganiza za pamudzi, mmene adzandionere ndikutsika pa kabaza ndi zikwama ziwiri, anthu n'kumafunsana kuti nanga galimoto ija yatsala kuti. Ndinapempha anawo kuti andigulitse galimotoyo. Mtengo umene anatchula unali wochepa moti ndinaganiza kuti akundichitira chifundo. Abwanawo anatembenukira kwa ine.

"Galimoto imeneyi imadya kuposa ine ndi iwe," anatero. "Kuigula si vuto. Vuto ndi kuidyetsa."

Mnzanga Lufeyo wa ku Ntchisi, yemwe ankagwira ntchito pa galaja ina kumeneko, anandiuza zomwezo. Anati galimoto zamtunduwu zikakalamba zimatsika mtengo chifukwa eni ake amakhala akuthawa amakaniko, ndipo anamaliza ndi kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndinati ndi nsanje. Ndinatapa pa ndalama ya chigayo, mumtima ndikuti n'pang'ono chabe.

Nyerere zinayamba kutuluka ndisanafike n'komwe ku Tete. Paipi ya madzi inaphulika dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinagona masiku awiri m'mbali mwa msewu kudikira kuti aimange. Pa chipata cha ku Dedza ndinapeza kuti msonkho wolowetsera galimoto m'dziko unaposa mtengo umene ndinaigulira, poti amawerengera kukula kwa injini ndi ukalamba wake, sawerengera chifundo cha abwana ako. Ndinalipira. Komabe nditafika pamudzi, nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Ana ankathamangira pambuyo, abambo ankazungulira galimoto manja ali kumbuyo, ena n'kumasuzumira nkhope zawo pa chitseko. Tsiku limenelo ndinakondwa, sindinama. Mayi a Tadala anandilandira zikwama, n'kuiyang'ana galimotoyo kamodzi kokha, kenako anakandiikira madzi osamba.

Walira mvula walira matope. Galimoto ikakhala imodzi pamudzi imakhala ya aliyense: wodwala, wamaliro, wopita ku boma kukasainitsa kalata. Mkamwini sangakane, ndipo sangatchule za petulo kwa akuchikazi. Petuloyo galimoto ija inkamwa ngati ikutayira pansi, ndipo ankati akasowa ndinkaswera pamzere ku Mponela pakati pa njinga zamoto, anyamata akabaza akundipatsa ulemu wa bwana pamene m'thumba muli mphepo. Misewu yathu ya m'mapiri ndi ya ngolo. Mwala uliwonse unkagunda kunsi kwa galimoto, ine n'kumamva ngati wagunda m'mimba mwanga.

Ku Mponela komweko ndinadziwana ndi a Chimphonda, makaniko wachikulire amene wakonza malole a fodya moyo wake wonse. Tsiku loyamba atatsegula boneti anavula chipewa, n'kunena kuti injini yake sakuiona, akungoona zivindikiro. Pang'onopang'ono anaiphunzira, ine ndikulipira sukulu yake. Madzi ankatha osaoneka potulukira. Anapeza kuti ndi kapaipi ka pulasitiki kamene kali kunsi kwa supachaja, ka mtengo wa nkhuku ziwiri, koma kuti ukafikire uyenera kuchotsa supachaja yonse, ntchito ya masiku atatu ndi mtengo wa mbuzi zinayi. Titatseka pamenepo giyabokosi inayamba kugwedeza posintha magiya, ndipo mafuta ake okha anali a mtengo wa matumba awiri a feteleza. Kenako kunayaka nyali zachikasu zochenjeza kutsogolo kwa woyendetsa. A Chimphonda anati zimenezo n'za kompyuta, tiitanitse munthu wa makina ku Lilongwe. Munthuyo anabwera, analumikiza kachingwe, nyali zinazima, anatenga ndalama yake, ndipo asanafike pa Lumbadzi nyali zija zinali zitayakanso.

Masipeya onse ankachokera ku Joni pa basi, Lufeyo akunditumizira popanda kundikumbutsa mawu ake aja, chimene chinkandipweteka kuposa kundinyoza. Kunyumba ndinkangoti ndi zazing'ono. Akazi anga akafunsa za chigayo ndinkati tidikire mitengo itsike, ngati kuti m'dziko muno mtengo unatsikapo. Miyezi isanu inatha ine ndili mwina kunsi kwa galimoto, mwina pa msewu wa ku Mponela. Munda sindinaupondemo. Tadala, mwana wanga wamkazi amene ndinamusiya akuyamba sukulu, ndinkangomuona akudutsa ndi ndowa.

Ndiye kunabwera ukwati wa mng'ono wawo wa akazi anga. Panalibe zokambirana, mkwatibwi akwera galimoto ya alamu popita ku tchalitchi cha ku mishoni. Lachisanu madzulo atsikana anaikongoletsa ndi maliboni ndi maluwa a mapepala. Loweruka m'mawa ndikutuluka m'nyumba ndinapeza galimoto yagwada. Galimoto zimenezi zilibe masipuling'i ngati zinzake, zimakhala pa mabaluni a mphepo, ndipo akutsogolo onse awiri anali ataphwa. Mphuno yake inali pansi, matayala atalowa m'kati. Ndinailiza kuti kompulesa ipope, koma inangolira kwa kanthawi n'kusiya, kwinaku mu injini mukumveka phokoso ngati wina akupukusa miyala m'chitini. Mkwatibwi anali ataima pakhonde ndi velo yake. Anapita kutchalitchi atakhala kutsogolo kwa lole yonyamula fodya, ine ndili kumbuyo kwake pamodzi ndi a kwaya, nditagwira chipewa kuti chisauluke. Palibe anandiseka pamaso, ndipo ndikanakonda akanandiseka.

Lolemba a Chimphonda anabwera panjinga yamoto. Anagona pansi, anamvetsera, anadzuka n'kudzisasa fumbi. Anati mabaluni awiri, kompulesa, ndiponso supachaja yadyeka m'kati, zonse zofunika kuitanitsa. Atatchula mtengo ndinaona kuti ukufanana ndendende ndi ndalama imene inatsala ya chigayo.

"Achimwene, ine ntchito ndikuifuna," anatero, "koma ndikakonza izi, mwezi wamawa mudzabwera ndi zina. Musailizenso. Injini ikadali yamoyo, ndipo ndi yokhayo imene munthu angagule."

Madzulo ake ndinawapeza mayi a Tadala akusola mtedza kuseri kwa nkhokwe. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse: kuti galimoto ya m'zithunzi ija inali ya abwana, kuti ndinaigula poopa manyazi, kuti theka la ndalama ya chigayo lapita, ndipo lotsalalo likufunidwa ndi galimoto yomweyo. Ndinkayembekeza kulira, mwinanso kuitanitsa ankhoswe. Iwo anapitiriza kusola mtedza.

"Bambo a Tadala, munthu wogona kuseri kwa galaja n'kukhala ndi galimoto yotere? Ine ndinkadziwa. Ndimangodikira kuti mutope nayo chigayo chisanatheretu. Ndiye mwatopa?"

Ndinati ndatopa. Kunena mawu amenewo kunandipepukitsa thupi lonse, ngati ndatula thumba la chimanga limene ndinasenza kuchokera ku Joni.

A Chimphonda anapeza munthu wa ku Lilongwe amene anali ndi galimoto yamtundu womwewo, nayenso ikumudya, ndipo ankafuna yanga kuti aziphwasulako masipeya. Ndalama imene anapereka sinafike n'komwe pa msonkho wa ku Dedza uja, koma sindinanenerere. Titaiphatikiza ndi yotsala ija inakwana chigayo cha dizilo chogwirapo kale ntchito, chogaya chokha, chopanda chokonola. Chokonolacho tidzagula chikadzabereka chinzake.

Lole yodzanyamula galimoto inakanika kuwoloka mlatho wathu wa mitengo, ndiye panafunika kuikokera kumsewu waukulu. Alamu anga aja anabweretsa ng'ombe zinayi za pangolo. Ine ndinkaganiza kuti limenelo ndilo tsiku la manyazi anga aakulu, moti ndinafuna kuti tichite m'mamawa anthu asanadzuke. Koma mudzi wonse unabwera ndi makasu, kusalaza mitumbira ya mumsewu kuti mimba ya galimoto isakhule pansi. Ankaseka, inde, koma kunali kuseka kwa pa ntchito, ndipo nane ndinayamba kuseka. Funso limene aliyense ankandifunsa linali loti chigayo tidzachiika pati, ndipo amayi awiri anatsutsana mpaka pamlatho, wina akuti pafupi ndi mjigo, wina akuti pamphambano. Za galimoto palibe anadandaula. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu akudikira bwana, pamene iwo ankangofuna kuleka kukwera phiri ndi thumba pamutu.

Nditabwerera kunyumba, fumbi lili thupi lonse, ndinapeza apongozi anga aakazi atakhala pamkeka pakhonde pathu. Mwa mwambo wathu iwo ndi ine sitiyang'anana kapena kulankhulana mwachindunji, choncho ndinafuna kuzungulira kuseri. Koma anatembenukira kukhoma, n'kulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ine ndimve.

"Iwe Naphiri, uwauze bambo a Tadala kuti takulandirani. Miyezi yonseyi tinkangoona galimoto, eni akewo sitinawaone. Uwafunse kuti anayenda bwanji."

Ndinavula chipewa, n'kukhala pansi patali pang'ono. Kenako ndinawauza akazi anga kuti awauze amayi kuti ndinayenda bwino, ndafika, kaya iwo ndawapeza bwanji kuno kumudzi.