Dzanja la Amayi pa Lata

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo, omwe anali mphunzitsi, anawasamutsira ku Mzimba kuchoka kwathu ku Dedza. Nyumba imene anatipatsa inali ndi kakhitchini kakuda ndi utsi, ndiponso tebulo lamatabwa ong'aluka momwe munkabisala mphemvu. Amayi anali aukhondo wonyanyira, moti tebulolo linkawasowetsa mtendere.

Tsiku lina, ataonetsa khadi la chipani pachipata cha msika, amayi anakapeza mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula. Mkuluyo anali ndi lata losalala, lopanda mizere, lomwe ankadulapo ndowa zake. Anabwera nalo kwathu, nalikhomera pamwamba pa tebulo lija, napinda m'mbali kuti lisamaticheke. Potsanzika anachenjeza amayi m'chilankhulo chake chosakaniza: "Amama, lata ili likutemwa yayi mandimu na mchere. Mukasiyapo, mbwenu lada." Ankatanthauza kuti latalo silifuna mandimu ndi mchere, zikakhalitsapo limada.

Koma ndiye linkawala! Loweruka lililonse amayi ankalikwecha ndi phulusa mpaka a NyaJere, oyandikana nafe nyumba, ankabwera kudzadziyang'anirapo pomanga duku. Ine ndinalawapo kamkwapulo chifukwa chosiyapo tomato woduladula. "Esinati, ukufuna anthu azinena kuti nyumba ino mulibe mkazi?" anandikalipira choncho amayi. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti banga patebulo ndi manyazi a banja lonse.

Chaka chachiwiri, nyengo yozizira ija ya ku Mzimba yolowa mpaka m'mafupa, amayi anayamba kutsokomola. Masana ena akufinya mandimu oti amwe ndi madzi otentha, chizungulire chinawagwira, natsamira patebulo ndi dzanja lonyowa. Ndinawagwiriza kukagona, ndipo zopukuta tinaiwala tonse. M'mawa mwake palata paja panali dzanja lakuda bii, zala zonse zisanu, ngakhale kachala kawo kopindika kaja kamene kanathyoka ali mtsikana.

"Ii, manyazi bwanji," anatero amayi ataliona. "Ndidzalikwecha ndikachira."

Sanachire. Anagona m'chipatala milungu itatu, kenako tinakawaika kwathu ku Dedza. Zovala ndi ziwiya zawo achibale anagawana monga mwa mwambo. Amayi sanajambulitsepo moyo wawo wonse, ndipo chithunzi chokha m'nyumba mwathu chinali cha mtsogoleri wa dziko, chopachika pabalaza. Tsono titabwerera ku Mzimba, awiriwiri ndi bambo, chimene chinatsala cha amayi chinali dzanja lija basi. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ine ndinkangoona banga.

M'mawa uliwonse ndinkawapeza bambo ataima m'khitchini, atasanjika dzanja lawo pabangapo, nkhope ili gwaa. Ndikalowa ankachoka msanga. Mumtima ndinati, zoonadi uve uwu ukuwawawa, akuona kuti nyumba ino mulibenso mkazi. Ndinkafunitsitsa kuwaonetsa kuti amayi anasiya mwana wodziwa ntchito.

Loweruka lina bambo atapita kumsonkhano kusukulu, ndinatapa phulusa n'kukwecha. Banga silinasunthe. Ndinakatapa mchenga kumtsinje, n'kuyamba kukwecha ndi chiguduli, kukwecha, kukwecha, mpaka zala zanga zinasupuka. Choyamba kuchoka chinali chala chachikulu. Kachala kopindika kaja kanavuta kwambiri, koma nakonso ndinakagonjetsa. A NyaJere anasuzumira pazenera nagwira pakamwa. "Mwana iwe, wachita vichi?" Sindinamvetse chimene ankadabwa, ndipo madzi anali atatayika kale.

Bambo atafika ndinawathamangira. "Bambo, bwerani mudzaone! Ndayeretsa!"

Anaima patebulopo nthawi yaitali. Anasisita latalo ndi chikhatho, uku ndi uku, ngati munthu wofufuza singano. Kenako anati, "Wayeretsadi mwanangu. Amayi ako akanakondwera." Atatero anakhala pansi pasimenti, m'phulusa momwemo, ndi buluku lawo lakuntchito. Kumaliro sindinawaone akulira, koma tsiku limenelo analira mokweza mpaka a NyaJere anabwera kudzanditenga.

Sanandidzudzulepo, ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka koposa. Bola akanandikwapula! Patapita masiku ndinafinya ndimu mobisa, n'kudinda dzanja langa pakona pa tebulo. Panatuluka kadzanja kakang'ono, zala zowongoka, kosafanana n'komwe. Bambo anakaona, nayalapo nsalu. Pamene ndinakwecha paja ndinali nditapala lata mopitirira, moti mvula itayamba panachita dzimbiri lofiira lopanda maonekedwe alionse. Tinakhala nalo tebulolo zaka zina zinayi, ndipo bambo sanadyereponso m'khitchini.

Lero ndakula kuposa msinkhu umene amayi anafika. Ndazindikira kuti munthu akamayang'anitsitsa chinthu ali chete, si nthawi zonse pamene chikumunyansa, ndipo bola kufunsa usanagwire chiguduli. Koma nzeru imeneyi yandithandiza chiyani? Nkhope ya amayi inandithawa kalekale, ndikatseka maso sibwera. Adzukulu anga akandifunsa kuti agogo awo aakulu ankaoneka bwanji, ndilibe choti ndiwaonetse. Dzanja lokhalo limene imfa inatisiyira ndinalifufuta ndine, ndi manja angawa, ndiponso ndikumwetulira.