Chaka Chimene Manyame Sanamere

Dengu la bowa la amayi linali lothothoka m'mphepete, ndipo linkanunkha dothi lonyowa ngakhale m'chilimwe. Mvula ikakhazikika, m'nkhokwe mutayera, dengu limenelo ndilo linkatidyetsa. Amayi ankalawirira kunkhalango ya mombo kuseri kwa mudzi wathu ku Wimbe, n'kubwera ndi manyame ofiira ndi ndelema. Bowa wina tinkadya, wina ankakasinthitsa ndi ufa pa msika wa Chamama.

Chilimwe china amalume anagwetsa nkhalango ija. Ankafuna mphanda za zigafa zoyanikamo fodya, komanso malo okuzira munda. Sindidana nawo, nawonso anali ndi ana. Koma mtima umandiwawabe ndikakumbukira mmene amalumewo anayankhira akuseka, amayi atadandaula za bowa: "Bowa ndi wa mvula, achemwali. Mitengo ikulowapo pati?" Mudzi wonse unkaganiza choncho. Tinkadziwa dzina la bowa aliyense, koma sitinadzifunsepo chifukwa chimene manyame amamerera pansi pa mitengo pokhapokha.

Mvula inagwa, mabingu anagunda, bowa osamera. Ine ndi amayi tinkazungulira zitsa m'mawa uliwonse, mame akutinyowetsa mpaka m'ntchafu, n'kubwerera chimanjamanja. Ufa unatha. Mng'ono wanga anasiya kulira, n'kumangogona pamkeka maso ali tong'o. Zimenezo zinkandiopsa kuposa kulira kuja.

Tsiku lina amayi anapita okha kumitengo ya bulugamu ya pa esiteti, kumene akuluakulu a m'mudzi ankaletsa kuzula bowa. Anabwera ndi bowa woyera wachilendo. Anamuwiritsa, kutaya madzi, kumuwiritsanso. Fungo lake linandidzaza malovu m'kamwa. Kenaka anapakula m'mbale imodzi yokha, natifulatira, n'kudya. Ndinkamva kutafuna kwawo.

"Inu mudya dzuwa likapendeka," anatero, osatiyang'ana. Anakweza mphika pamwamba pa thandala, pomwe sitikanafikira, n'kukhala pakhonde.

Ndinalira ndi ukali. Ndinawanena kuti ndi omana, mokweza, kuti anansi amve. Amayi, amene sankalekerera mwano, tsiku limenelo sanandikalipire. Dzuwa litapendeka anatsitsa mphika uja, tinadya, ndipo palibe anadwala. Komabe ndinawasungira mangawa mpaka chimanga chitacha.

Sindinkadziwa kuti masana onse aja, atakhala pakhonde manja ali pamimba, amayi ankadikira kuti aone ngati angafe.