Lamba wamkulu pa mkono wowonda

Loweruka ndinapita ku Limbuli kukaona mlongo wanga, ndipo ndabwerako mutu uli wakewake mpaka lero.

Wandisowetsa mtendere ndi mwana wake, Esinala. Mtsikanayu anakulira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, anaphunzira sayansi ku yunivesite, ndipo chaka chatha anamutenga m'gulu lofufuza za umoyo wa okalamba. Akufuna kudziwa chifukwa chake amayi amene athyola tiyi moyo wawo wonse amafooka msanga kuposa anzawo a m'tauni. M'gululi muli mayi dokotala wina wa ku Blantyre amene anadzipereka kumuphunzitsa ntchito. Tonse tinanyadira. Ine mpaka ndinkamuitana kuti pulofesa pakati pa msika, iye n'kumabisa nkhope.

Ndinamupeza pakhonde akupukuta makina oyezera bipi. Mwanthabwala ndinatambasula mkono wanga wonenepawu kuti andiyeze.

"Inu ndiye lambayu akukukwanani, amalume," anatero akundimanga. "Koma agogo aja ayi."

"Agogo ake ati?"

"Onse owonda aja. Lambayu ndi wamkulu. Pa mkono wowonda makina amaonetsa bipi yotsika, pomwe mwina ndi yokwera. Pamafunika lamba wamng'ono."

"Nanga a dokotala anati chiyani utawauza?"

Anayang'ana pansi. Sanawauze. Vutoli analizindikira mvula ikugwa, ndipo pano chimanga chinalowa kale m'matumba.

Abale, ndinachita kakasi. Miyezi yonseyi mwana akuyenda m'midzi, kumanga lamba amene akudziwa kuti akunama, n'kumauza anthu okalamba kuti muli bwino! Ndinamufunsa mokalipa ngati sukulu yonse ija inangomudutsa m'mutu.

"Amalume, makinawa anasankha ndi iwo," anayankha misozi ili m'maso. "Ndiwauze kuti alakwitsa? Ineyo? M'gulu monse muja wakuno ndine ndekha. Anzanga aja makolo awo ndi mabwana, amatsutsana nawo a dokotala uku akuseka. Ine ndikangotsegula pakamwa, anthu amayamba amva kaye Chilomwe cha pa lilime langa. Akandichotsa ndipite kuti? Ndikathyole tiyi?"

Apa mkwiyo wanga unatha, panatsala mantha.

Taganizirani mmene timalerera ana kuno. Gwada. Landira ndi manja awiri. Usayang'ane wamkulu m'maso. Akulu akamalankhula tseka pakamwa. Ndi mwambo wabwino, ndipo ine mwana wamwano sindigwirizana naye. Koma mwana yemweyo timamutumiza ku sayansi, ntchito imene imayenda ndi kufunsa ndi kutsutsa. Ndani amamukhazika pansi n'kumuuza kuti kuntchito kuno kunena kuti "bwana, apa palakwika" si mwano? Mwana wa bwana amaziphunzira zimenezi kunyumba akudya ndi bambo ake. Wa m'malaini akaziphunzira kuti?

Timaganiza kuti kukweza ana a kumudzi ndi kuwalipirira fizi, kuwapatsa laputopu ndi malaya olemba dzina la ntchito, kenaka kuwajambula chithunzi. Zatha, tathandiza! Ayi ndithu. Inu akuluakulu amene mukuphunzitsa achinyamatawa, mukaona wophunzira wanu akungoti "eya, eya" chaka chonse, musamati ndi mwana wabwino. Muzichita mantha. Pali zomwe akuona koma sakukuuzani.

Ndipo amene amavulala ndi ndani? Si dokotala, si ine. Ndi mayi wokalamba amene chipatala chili naye kutali, amene mwina bipi yake sinayezedwepo chibadwire. Tsiku limodzi lomwe makina afika pakhomo pake, makinawo n'kumunamiza. Ana ngati Esinala timawafuna m'kafukufuku chifukwa mikono imeneyi amaidziwa, ndi ya azakhali awo. Koma maso awo atithandiza chiyani ngati pakamwa tinawatseka kale?

Sindinachoke mpaka atawaimbira foni a dokotala. Anayamba ndi kupepesa, n'kupepesanso, mpaka ndinamukodola kuti afike pa nkhani.

"Esinala," anatero a dokotala atamva zonse, mawu ali pansi, "ndinakutenga kuti uziona zomwe ine sindingaone. Ngati unkandiopa chonchi, ndiye kuti nanenso sindinakuphunzitse bwino. Lolemba ndibwera ndi malamba ang'onoang'ono. Tibwerera kwa onse, nyumba ndi nyumba."

Ntchito sinamuthere. Ndinapumira m'mwamba, ndipo ndinayamba kumuseka kuti waona, sanakudye. Koma iye sanaseke.

"Amalume, pali mayi ena ku Chinakanaka, a Nasimango. Ndinawayeza ndekha, n'kuwauza m'Chilomwe kuti mtima wawo uli bwino. Anandipatsa nthochi. Mwezi watha anagwa m'munda, mbali imodzi inafa. Salankhulanso."

Kaya lamba woyenera akanawapulumutsa, sindikudziwa, ndipo palibe amene angadziwe. Chomwe ndikudziwa n'chakuti Lolemba Esinala akafika pakhomo pawo, akagwada bwinobwino monga tinamuphunzitsira, n'kupereka moni ndi manja awiri. Tandiuzani inu, ulemu umenewo mayi Nasimango akautani?