Mbande Zinakula Tikudikira Loweruka

"Kodi amake khanda, mwanayu bambo ake anamutenga?"

Anandifunsa ndi mayi oyandikana nafe nyumba, tili pamjigo. Manja anali atatambasula kale kuti amulandire. Nditapukusa mutu anawabweza, n'kuwapinda pachifuwa.

Kwathu kuno, kufupi ndi Kachulu, khanda silinyamulidwa ndi aliyense mpaka bambo ake atagona pakhomo ndi kuchita mwambo wolilowetsa kumphasa. Izi zisanachitike mwana amakhala wozizira, ndipo munthu wapabanja akamugwira akuti amadwala tsempho. Kutchalitchi sitikamba zimenezi, koma aliyense amazisunga. Mayi anga anamwalira kale, apongozi ali kutsidya kwa nyanja. Ndiye manja onyamula mwana wanga anali awiri okha, angawa.

Bambo ake sanali ku Joni ayi. Anali ku Zomba pompa, phiri lake ndinkaliona ndikamayanika matewera. Ankaphunzira masitazi ku koleji, komanso ankathandizira aphunzitsi aakulu: kutsegula labu, kuyang'anira ana achaka choyamba akamayesa zinthu zawo m'mabotolo, kuchonga mapepala. Ntchito imeneyi ndiyo inkawasunga pasukulupo. Ine ndinalekera sitandade seveni, koma taimutebulo yawo ndinaiiloweza kuposa katekisimu. Lachisanu masana, labu mpaka dzuwa kulowa. Loweruka tsiku lonse, kalasi yawo. Ikamatha, maminibasi a ku Kachulu amakhala atasiya, makamaka nyengo yamatope. Lolemba m'mamawa, labu ina.

Nthawi yomweyo mbande zanga za mpunga zinali zikukula panazale kusikimu ya Likangala. Mbande sizidikira munthu. Zikapitirira msinkhu zimayamba mfundo, ndipo ukaziwokera zimangoima imodziimodzi ngati tsache, osaphukira. Amayi timawokera mothandizana, lero puloti ya uyu, mawa ya uyo, ana tikulandizana m'mbali mwa munda. Wanga panalibe womulandira. Khosi lake linali lisanalimbe, ndipo ndikawerama naye kumbuyo mutu wake unkagwera kutsogolo. Ndinkabzala mizere ingapo, n'kutuluka m'matope kukakhala naye pansi pa ambulera, ndikuona anzanga akupita patali. Amene sathandiza kwa anzake sathandizidwanso. Palibe anandinyoza. Ankangondipatsa moni wabwino ali chapatali, mwana akumuseweretsa ndi maso.

Lamulungu lina bambo ake anabwera. Anafika tikuweruka kutchalitchi, chikwama chodzaza mapepala a ana. Anamunyamula mwana dzanja limodzi, lina likuchonga. Dzuwa litapendeka ananyamuka kuthamangira minibasi. Mayi oyandikana nafe aja anawaimitsa panjira.

"Aphunzitsi, mwabwera kudzatenga mwana kapena kudzaona nkhuku?"

"Ndamunyamula tsiku lonse, amayi."

"Iii, masukulu inu! Mwana satengedwa masana ngati mtolo wa nkhuni."

Anaseka onse awiri. Ine ndinalowa m'nyumba.

Kuyesa ankayesa, sindingawanamizire. Anapempha mnzawo wothandiziranso kuti asinthane Lachisanu, koma mnzawoyo kalasi yake inali ya Lachisanu lomwelo. Anapempha kuti labu ya Lolemba iyambe masana, anawauza kuti chipindacho masana chimakhala ndi ena. Anafunsa za Loweruka, anawayankha kuti anzawo am'kalasi ambiri ndi apantchito, tsiku lina alibe. Zonsezi ankandifotokozera pafoni mwatsatanetsatane, ngati kuti ndikamvetsa bwino mbande zileka kukula.

"Mwawauza chifukwa chake?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndikanene bwanji muofesi, amake mwana? Ndikati mwana akudwala, ndi bodza. Ndikanena zoona, andiseka."

"Nanga inu mumaseka?"

Anati, "Sindiseka. Sabata yamawa tiona."

Sindinakalipe. Sindine munthu wokalipa, komanso ndinkadziwa kuti akasiya labu achotsedwa ntchito, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndinaphunzira kuchita zonse ndi mwana pathupi. Kusamba, ndinkamugoneka m'beseni louma pakhomo pa bafa. Maliro atagwa m'mudzi ndinakhala kunja kwa gulu, pansi pa mtengo wa mango, kuti wina angamugwire mwangozi. Madzulo ndinkamuuza nkhani zomwe ndikanauza munthu wamkulu: kuti ngalande yagumuka kumtunda, kuti matemba atsika kudoko. Iye ankangoyamwa chala.

Kenako Lachisanu lina, kukuda, ndinamva njinga ya kabaza ikuima pabwalo. Anali iwo, thalauza lonse matope. Anatseka labu n'kuthamangira minibasi yotsiriza, kalasi ya Loweruka anangoisiya. Mwambo unachitika. M'mawa mwake mayi aja anabwera osaitanidwa, namulanda mwana m'manja mwanga.

"Bwera kuno, bwana! Takuonera patali ngati ndege. Ha, kulemera chonchi, mayi akowa ankakudyetsa miyala?"

Mwana anayang'ana nkhope yachilendoyo n'kulira mpaka kubanika. Anamubweza kwa ine. Aliyense amene anayesa tsiku limenelo, zinali chimodzimodzi.

Tinapita kusikimu tonse awiri. Mbande zinali zitafika m'mawondo, mfundo zili gwa. Bambo ake anazula imodzi, naitembenuzatembenuza. Ndi pamenepo, titaima m'matope, pamene anandiuza kuti pojomba Loweruka limeneli anapitirira masiku ololedwa kujomba. Masiku enawo anajomba ndili kuchipatala pobereka. Phunzirolo adzalibwereza chaka chamawa, kutanthauza chaka chinanso cha labu ndi foni.

Tinawokerabe zomwe zinkaoneka zanthete.

Zomwe zinatayika ndi izi: theka la puloti silinabzalidwe, theka linalo linabereka mpunga wosafika ndi dzinja lomwe, chaka chimodzi cha sukulu ya bambo ake, ndi miyezi yonse ya ukhanda wa mwana wanga, imene palibe wina m'mudzi muno angandikumbutse kulemera kwake.