Shukuru ndi Bwalo la M'dambo

Shukuru Kachingwe anabadwa pa 9 Ogasiti 1984 kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, m'banja la asodzi a pa nyanja ya Chiuta. Usodzi sunamulowe m'mutu. Iye ankafuna mpira, koma mwendo wake unali wamphwayi, moti anzake anamupatsa ntchito yosunga malaya m'mbali mwa bwalo. Kumeneko n'komwe anaphunzirira kuonera. Masewero akatha ankapita pamsika n'kuwafotokoza kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza, ndipo ngakhale amene anasewerawo ankaima kuti amve zimene anachita.

Ine ndinamudziwa pa 21 Novembala 2009, tsiku limene anakwatira Mwanaidi, mwana wa a Rukia amene tinayandikana nawo nyumba kuno kwa Kalembo, ku Balaka. Monga mwa mwambo wathu, mwamuna ndiye anasamuka. Anabwera ndi njinga ndi chikwama chimodzi, n'kumanga nyumba pamalo a kuchikazi. Anakhala mkamwini, munthu wolima m'munda umene sangaulamulire.

Ntchito yake inali ya kabaza, ndipo inamuyenera, chifukwa Shukuru sankatha kukhala pansi. Ankadya ataimirira. Akakhala pamkeka, bondo linkangonjenjemera ngati likupalasa.

Mu 2013 mlamu wake Salimu, mchimwene wa Mwanaidi amene amagwira ntchito ku Joni, anamutumizira foni. Salimu ndiye mwini mbumba, ndipo nkhani iliyonse ya malo a banjalo imathera kwa iye ngakhale ali kutali. Ndi foni imeneyo Shukuru anatsegula tsamba lake pa intaneti, n'kulitcha Mpira wa Kumudzi. Palibe anamutuma, palibenso ankamulipira. Loweruka ndi Lamlungu lililonse ankapalasa kupita kumene kuli masewero, kaya ku Ulongwe, kaya ku Rivirivi, kenako n'kukwera pachulu pamene netiweki imagwira n'kulemba ndi chala chimodzi. Ankalemba amene wagoletsa, amene wathawa mpira, ndi woyimbira amene wathamangitsidwa mpaka m'chimanga. Owerenga ake ambiri anali anyamata a kuno amene ali ku Joni. Kwa iwo tsambalo linali ngati kusuzumira kumudzi.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali bwalo la timu ya m'mudzi mwathu, Mavu. Bwalolo linali m'dambo, pamalo a mbumba ya a Rukia. Akuluakulu akale analola anyamata kuti aziseweramo, ndipo zaka zitapita tonse tinaiwala kuti malowo ali ndi eni.

Mu 2016 mvula inadula mu Januwale, chimanga chathu chinapserera chisanamasule. Pofika Epulo, mabanja ambiri ankadya kamodzi patsiku, ndipo chakudyacho chinali madeya. Okwera kabaza anasowa, anthu ankangoyenda wapansi. Osewera ena anawolokera ku Mozambique kukasaka ganyu. Koma Shukuru sanasiye kupalasa.

"Bambo a Halima, kodi zigolizo tiziphika?" Mwanaidi ankamufunsa.

"Anthu akudikira zotsatira, mayi."

"Ifenso tikudikira."

Loweruka pa 14 Meyi, Mavu anagonjetsa timu ya ku Rivirivi n'kufika mu ndime yotsiriza ya chikho cha m'dera lathu. Masewero otsirizawo anayenera kudzachitikira pabwalo lathu pa 5 Juni. Shukuru anathamangira pachulu ali wosangalala, n'kulemba kuti: "Alendo akudandaula kuti mpira umakanirira m'matope kugolo la kumunsi. Asadandaule. Mabwalo awo ndi fumbi lokhalokha, koma lathu ukapondetsa chidendene madzi amatuluka. Udzu wake ndi wobiriwira ngati tili mu Febuluwale." Anaikaponso chithunzi.

M'mawa mwake Salimu anaimba foni, n'kulamula kuti aikweze mawu onse amve. Tinali pansi pa mtengo wa mango. A Rukia anakhala chapatali atayang'ana kumbali, monga amachitira apongozi pamaso pa mkamwini.

"Alamu, zimene mwalembazi n'zoona, kapena ndi zokometsera zanu zija?"

"Ine pa tsamba langa sindinama, alamu."

"Ndiye kuti mayi anga akudya madeya, chonsecho madzi ali pansi pa mapazi a anyamata othamangitsa chikopa?"

Tonse tinkadutsa pamalopo tsiku ndi tsiku, koma maso athu anazolowera kuona bwalo. Munthu wa kutali ndiye anaona dimba.

"Mawa mutenge khasu," anatero Salimu. "Mugalauze ponseponse, mudzale chimanga ndi nyemba chinyontho chisanathawe."

"Alamu, dikirani chikho chidutse kaye. Pa 5 Juni si patali."

"Dzuwa lilipoli likudikirani? Mkamwini asamakule mwendo, alamu. Malowo ndi a mayi anga. Ngati khasu likukulemerani, njinga munabwera nayo ija ikadali ndi matayala, ndipo njira ya kwa Ngokwe simunayiiwale."

Sabata imeneyo Shukuru sanaoneke pakhomo masana. Anapalasa uku ndi uku kufunafuna dambo lina loti banja libwereke, koma paliponse ponyowa panali pali kale munthu ndi khasu. Anapita kwa akuluakulu a chikho kukapempha kuti masewero afulumire, iwo anati timu inayo osewera ake ali kuganyu. Ankakwera pachulu, kulemba, kufufuta, kutsika, kukweranso. M'mawa uliwonse ankapeza khasu litatsamira panjinga yake. Ankalisuntha mwakachetechete n'kunyamuka.

Nkhani inali itamveka. Goliati, kaputeni wa Mavu, anamuimitsa pamsewu atagwira chiwongolero cha njinga.

"Atolankhani, mwatigulitsatu ndi chala chimodzi."

"Ndimatamanda bwalo, Goliati."

"Bwalo amatamanda choncho chaka cha njala? Munthu ukakhala ndi nkhuku yonenepa sumayendayenda nayo pamaliro. Lembani kuti munanama. Munene kuti chithunzicho n'cha chaka chatha."

"Iyayi. Ndikanama kamodzi, ndani adzakhulupirirenso zigoli zako?"

"Zigoli ndizigoletsera kuti, pa mizere?"

Goliati anali atawonda, jezi ikungolendewera m'mapewa.

Lachisanu pa 20 Meyi, Shukuru pobwera kumzikiti anapeza zinthu ziwiri pakhonde: khasu, ndi chikwama chimene anabwera nacho pa ukwati, chitamangidwa bwinobwino. Mwanaidi anali atakhala pakati pake.

"Sindikukuthamangitsani, bambo a Halima. Koma achimwene aimbanso, ndipo amayi andifunsa ngati ndili ndi mwamuna kapena wailesi. Halima dzulo wagona ndi madzi okha. Tengani chimodzi apa."

Shukuru anazungulira nyumba kawiri konse, anagwira njinga, anaisiya, anatulutsa foni, anaibweza m'thumba. Kenako anatola chikwama n'kuchilowetsa m'nyumba.

Loweruka pa 21 Meyi anayamba kugalauza, kuyambira kugolo la kumunsi kumene anakutamanda kuja. Anyamata a Mavu anabwera n'kuima m'mbali mwa bwalo, pamalo pamene iye ankaima masiku onse.

"Kokani bwino mzerewo, atolankhani, mwalowa ofusayidi," anakuwa wina.

Shukuru anangopitiriza kugalauza. Chakumasana a Rukia anatuma Mwanaidi kukanena kuti aliyense wogwira khasu adzapatsidwa mizere yake. Ena anachoka akutukwana, ndipo sanamupatsenso moni Shukuru chaka chonsecho. Goliati anachoka nawo, koma anabwerera ali ndi khasu la akazi ake.

"Musalembe zimenezi," anatero.

Masewero otsiriza anasamutsidwira ku Ulongwe. Mavu anapita wapansi, mimba zili pululu, ndipo anagonja. Tsikulo Shukuru anali kuthirira mbewu ndi ndowa. Akamva njinga ikudutsa ankaimirira kuti afunse, koma wodutsayo sankadziwa kanthu. Chitsegulireni tsamba lake, aka kanali koyamba kuti Lamlungu lidutse osalembapo. Madzulo ake uthenga unabwera pa tsambalo, wochokera kwa Salimu: "Alamu, zotsatira zili kuti? Kuno tonse tikudikira."

Shukuru anajambula mizere, n'kutumiza chithunzicho popanda mawu.

Pa 4 Sepitembala anathyola chimanga chachiwisi choyamba. Sichinali chambiri, koma chinafikitsa banjalo ndi mabanja a amene analima nawo kufupi ndi mvula. Mitengo ya magolo sanaizule. Nyemba zinayanga pamenepo.

Malowo akadali dimba mpaka lero. Mavu amasewera pabwalo la sukulu, la miyala, ndipo Goliati anasiya mpira bondo litamuvuta. Shukuru akadali pabanja pake, akupalasabe, akulembabe, tsopano ndi zala ziwiri. Amalemba zigoli, amalemba ndewu, amanyoza oyimbira. Koma za bwalo salembapo kanthu, kaya likhale lokongola bwanji. Mwezi wathawu anabwera kuchokera ku Rivirivi nsapato zili matope, chonsecho kunja kuli ng'amba.

"Bwalo la kumeneko n'lonyowa, eti?" ndinamufunsa.

Anayang'ana kunyumba kwa apongozi ake, kenako anayang'ana foni.

"Mayi, ine ndinaona mpira wokha," anatero, n'kukwera njinga.