Nyambo ya a Sipoko

Alamu anga amakonza njinga pakhonde la sitolo ya zitsulo. Dzina lawo lenileni amaligwiritsa ntchito ndi achemwali anga okha, nawonso pokhapokha akapsa mtima. Enafe timangoti a Sipoko. Ntchito amaidziwa, koma si munthu womusiyira njinga ngati ukufulumira. Bolodi la drafuti limakhala pakreti pambali pa zipangizo zawo, ndipo wosewera naye akangofika, njinga yako imagona chagada mpaka masewera atatha.

Drafuti timasewera ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo zitsekererozo timazitcha ana. Lamulo lake lalikulu n'lakuti mwana wa mnzako akabwera pakamwa pako, uyenera kumudya, ufune usafune. A Sipoko anatenga lamulo limeneli n'kupangira msampha. Masewera akangoyamba, ena akadali kumanga mpanda, iwo ankakupatsa mwana waulere. Ukadya, ankakupatsanso wina. Uli mkati monyambita milomo, unkazindikira kuti kudyako kwakokera ana ako mbali imodzi, mbali inayo yatsala pululu. Apo iwo ankadya atatu ulendo umodzi n'kukalowa king'i.

Woyamba kugwa m'dzenjemo anali ometa tsitsi wa kuseri kwa sitoloyo, munthu wa matama amene ankati anagonja komaliza ali mwana. Tsikulo anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, ati akubwera pompano. Anagonja, n'kunena kuti zangochitika mwangozi. Anagonjanso. Kasitomala uja anatopa kudikira, anabwera ndi nsalu yake m'khosi kudzamuitana, nayenso n'kukakamira pomwepo kuonerera. Mayambidwe amenewa anthu anawatcha nyambo ya a Sipoko.

Madalaivala a malole anaitenga nyamboyo n'kupita nayo kutali. Ankabwerako n'kumasimba kuti m'matauni ena anthu amene sanawaonepo alamu anga akuitchula ndi dzina lomwelo. A Sipoko ankangoti "Kodi?" maso ali pa tcheni, koma tsiku limenelo ankaweruka akuimba mluzu. Ana a m'nyumba sanakhale nawo, ndipo khonde lomwe amagwirirapo ntchito ndi la eni. Chinthu chokhacho chotchedwa dzina lawo padziko pano chinali nyamboyo.

Chikho cha mpikisano wa pachaka, womwe umachitikira muholo ya pafupi ndi msika, sanachitengepo. Anthu atazolowera anayamba kuizemba nyamboyo isanatcheredwe, ndipo masewera akatalika a Sipoko ankatopa n'kuyamba kulakwitsa zachibwana. Chaka chilichonse ankabwerako chimanjamanja, achemwali anga n'kuwalandira ndi mawu akuti pakabati papukutidwa kale, pangotsala chikhocho.

Ine ndinali mwala wawo wonolerapo chikwanje. Masana ena kukugwa mvula, makasitomala kulibe, anandiuza kuti ndiwatchere ndi nyambo yawo yomwe kuti aone mmene anzawo amamvera. Ndinawapatsa mwana woyamba, anadya. Ndinawapatsa wachiwiri, anadya. Kenako anayang'anitsitsa bolodi. Atatero anatenga mwana wa pakona, amene palibe ankamuganizira, n'kundipatsa ine. Ndinayenera kudya, ndipo podyapo mwana wanga amene akanadya atatu uja anachoka pamalo pake. Msampha wonse unaphwasuka, ine n'kutsala ndi ana ochepa popanda chimene ndapindula.

Tinabwereza kangapo, zotsatira zake zomwezo. A Sipoko anasonkhanitsa ana onse m'chitini n'kutseka.

"Alamu, zimene mwaonazi zithere pano."

Ndinalonjeza, ndipo kwa zaka ndinasunga pakamwa panga, zomwe anthu ondidziwa sangakhulupirire.

Kenako chinafika chaka chimene zinthu zinawayendera. Anagwetsa ometa uja, anagwetsa madalaivala, mpaka anafika mu ndime yomaliza. Wokumana naye anali mayi wina wogulitsa nsalu mumsika, wosalankhulalankhula, amene anaphunzira drafuti podikira makasitomala. Muholo munadzaza mpaka ena anakwera pamawindo. Mayiyo ndiye anali woyamba kusuntha, ndipo posakhalitsa anakankhira mwana pakamwa pa a Sipoko. Anthu anaseka. Anali kutchera mwini msampha ndi msampha wake womwe, chifukwa ankaukhulupirira ndi mtima wonse.

Ine ndinaima kumbuyo kwa alamu anga. Chikho chinali chitabwera chokha. Anadya woyamba, anadya wachiwiri. Dzanja lawo linapita pa mwana wa pakona uja n'kuima m'malere osamukhudza. Onse muholomo maso anali pabolodi, ndipo akanangomusuntha, pofika mawa lake msika wonse ukanadziwa kuti nyambo ya a Sipoko ili ndi mankhwala. Dzanja lija linabwerera, linakanda chibwano, n'kukasuntha mwana wina wopanda ntchito. Mayi uja anadya atatu, analowa king'i, ndipo sizinatenge nthawi.

Pobwerera kunyumba ndinawakalipira njira yonse. Ndinawauza kuti sindinaonepo uchitsiru wotere, munthu wamkulu kutaya chikho chifukwa cha zitsekerero za mabotolo. Iwo ankangokankha njinga yawo. Titafika pageti ndi pamene anayankha.

"Chikho chimakhala m'nyumba ya munthu mmodzi, alamu. Chijachi chikuseweredwa ndi anthu amene sindidzawaona n'komwe. Ndichiphe ndekha?"

Sindinagwirizane nawo, ndipo mpaka pano sindigwirizana nawo.

Chaka sichinathe. Mlonda wina wa pa depoti ya mabasi, amene ntchito yake imamupatsa nthawi yambiri yosewera yekha, anamupeza mwana wa pakona uja. Anaonetsa anzake, anzakewo anaonetsa madalaivala, ndipo malole omwe aja ananyamula nkhaniyo. Njirayo anthu anaitcha mankhwala a mlonda. Nyambo ija inatha ngati fashoni ya nsapato. Woiyesa ankasekedwa kuti ndi wachikale.

Zimenezi zinandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera. Loweruka lina pakhonde paja panadzaza. Mlonda uja analipo, akutamandidwa, ndipo mayi wa nsalu anali atabweretsa njinga yake kuti aimange mabuleki. Ine ndinalephera kupirira. Ndinaulula zonse: za masana a mvula aja, za lonjezo, za dzanja limene linabwerera muholo. Ndinati mankhwalawo mwini wake ndi a Sipoko, anawapeza kalekale mlondayo asanalote n'komwe.

 Ometa uja ndiye anafunsa, monyogodola monga mwa chizolowezi chake, ngati zinali zoona kuti a Sipoko ankadziwa. Nkhope ya mayi wa nsalu inagwa. Chikho chija anachiika pashelefu mu shopu yake, pamwamba pa nsalu, ndipo aliyense wogula ankachiona. Apa n'kuti ine ndangomuuza pagulu kuti anachita kupatsidwa.

A Sipoko anamuyang'ana mayiyo, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Ayi, sindinkadziwa. Alamu angawa amangondikonda. Amayiwa anandigonjetsa bwinobwino."

Anthu anandiseka, ometa n'kunena kuti chibale chimanamitsa. Alamu anga anakoka mpando, anayala ana pabolodi, n'kupempha mlonda uja kuti awaonetse mankhwalawo pang'onopang'ono. Mlondayo anayamba kufotokoza mokondwa, akuloza mwana wa pakona ndi chala, ndipo a Sipoko anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.