Msomali pa chitsulo cha mabaluni

Fakitale itatichotsa ntchito, ine ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, tinayamba kugulitsa mabaluni ouluka ku komboni ya George. Mpweya wake tinkapanga tokha kuseri kwa chimbudzi. Tinkadula mapoto akale a aluminiyamu, kuponya zidutswazo m'chitsulo chozimitsira moto chomwe ndinatola ku Mandevu, kuthiramo madzi ndi soda wopangira sopo, n'kutseka. Chitsulocho chinkatentha, mpweya n'kumatuluka pa kapaipi. Zotsalira zinali phala lotuwa, loterera ngati mamina, lodya khungu. Tinkalitaya m'ngalande momwe anthu ankadutsa opanda nsapato. Zala zanga zinasupuka mpaka ndinkadya ndi supuni.

Chomwe chinkandipweteka n'chakuti mpweyawo sunkasungika. Ukachuluka unkathawira pa kabowo kam'mbali, ine n'kumangomva soda wanga akupita. Loweruka lina m'mawa ndinakhomera msomali pa kabowoko n'kumata phula, kuti mpweya udikire Lamlungu anthu akamatuluka m'matchalitchi. Alamu sindinawauze.

"Ba mlamu, lelo chili zii ichi chinthu," anatero. "Mwachipemphelela?"

"Chakhuta chabe. Niyenda kutapa manzi, muchiyang'ane."

Ndinali pamzere wa madzi pomwe ndinamva kuphulika. Soda yense anawagwera alamu kumaso. Kuchipatala kunalibe mankhwala, anangowatsuka ndi madzi, ndipo maso onse awiri anafa. Mlongo wanga atandifunsa, ndinati amuna ake anachulutsa soda.

Sukulu ndinayamba ndili ndi imvi, m'kalasi ya akuluakulu ku Matero. Tsiku lina aphunzitsi, mayi wochepa msinkhu kuposa ana anga, anabweretsa timabatire totchaja tomwe tinkaika m'matochi magetsi akathima. Anati m'kati mwake muli ufa wa chitsulo womwe umamwa mpweya wotchedwa haidrojeni monga thonje limwera madzi, n'kuusunga phee, n'kumaubweza pang'onopang'ono. Ndinafunsa ngati ndi mpweya womwewo wa mabaluni.

"Ni wamene uja, batate."

Ndinagwira kabatireko, kozizira, kotalika ngati chala. Anthu ena anakhala pansi n'kuganiza za kasungidwe ka mpweyawu. Ine ndinatola msomali. Ndinatuluka kukaima kuseri kwa kalasi.

Alamu akali moyo. Amakhala pampando pakhomo pa mwana wawo ku Kabanana, ndipo amandizindikira ndi katsokomoledwe. Mwezi watha ndinapita nditatsimikiza mtima kuti ndiulule. Ndisanakhale n'komwe pansi, anafufuza dzanja langa n'kuligwira.

"Ba mlamu, chija chitsulo chanu ninakuonongelani. Simunanikalipileko olo tsiku limozi. Ndimwe munthu imwe."

"Vinasila ivo, ni vakale," ndinatero.

Kenako ndinawafunsa ngati akufuna buledi, n'kunyamuka kupita kukantemba kukagula.